Ndani amayeza makoma a mu mzinda wa Tete?

TETE — Munthu akawoloka mlatho wa Samora Machel kulowera ku Matundo m'mamawa, dzuwa lisanayambe kuwotcha, amapeza anyamata oumba mabloko atayamba kale ntchito m'mbali mwa msewu. Wina akutapa mchenga ndi fosholo, wina akusindira m'chikombole, wina akuyala mabloko aawisi m'mizere. Pambali pamakhala mulu wa matumba a simenti ong'ambika, ndipo pa thumba lililonse pamakhala nambala yooneka bwino, 32,5 kapena 42,5. Wogula akafika amafunsa mtengo wa bloko limodzi ndi mtengo wa galimoto yokatula kunyumba. Za nambala ija safunsa, ndiponso safunsa kuti thumba limodzi latulutsa mabloko angati.

Komatu nambala imeneyo ndiyo mbali yokhayo ya malamulo a zomangamanga imene imafika pa nyumba iliyonse ya simenti mu mzinda uno, kaya ndi ya bwana wa kampani kaya ndi ya mayi wogulitsa tomato pa msika wa Kwachena. Zina zonse, monga mapulani, ziphaso, oyendera ntchito ndi labotale, zimafika pa nyumba zochepa.

Mzinda wa Tete wakula mofulumira kuposa mapepala ake. Kalembera wa 1997 anapeza anthu oposa pang'ono 100,000, ndipo wa 2007 anapeza oposa 150,000. Pofika 2017, malasha a ku Moatize atakoka anthu kuchokera ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi kwina kutali, chiwerengerocho chinali chitadutsa 300,000. Anthu onsewa anafuna pogona. Ambiri anamanga okha, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, monga mmene ndalama zalolera. Nyumba zoterezi ndizo zadzaza Matundo, Chingodzi, Samora Machel ndi M'padue, ndipo muli ana amene amagona pansi pa makoma amene palibe anawayezapo.

Njira ya mapepala

Mwa lamulo, nyumba imayamba ndi malo. Mu Mozambique malo ndi a boma ndipo sagulitsidwa. Chimene munthu amalandira ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, wodziwika ndi dzina loti DUAT, malinga ndi lamulo la malo la 1997. Mu mzinda, amene amapereka talhão ndi kukhoma zizindikiro za malire ndi a Conselho Municipal. Aliyense akudziwa kuti kunja kuno ndalama zimasinthana manja ndithu, kungoti papepala amalemba kuti wagulitsa mtengo wa masau kapena kanyumba kamene kali pamalopo. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Malo akapezeka, pamafunika pulani. Njira yake inalongosoledwa mu Decreto 2/2004, lamulo loona za kapatsidwe ka chilolezo pa zomanga za anthu wamba. Pulani iyenera kujambulidwa ndi katswiri wolembetsedwa, ndipo sikhala chithunzi cha zipinda chabe. Imasonyezanso kuya kwa maziko, kukula kwa zipilala ndi zitsulo zolowa m'kati mwake, njira ya madzi, ya zonyansa ndi ya magetsi. Katswiriyo amasaina kalata yotchedwa termo de responsabilidade, kutanthauza kuti akuvomera kuti pulaniyo yatsata malamulo ndipo ngati yalakwika mlandu ndi wake. Akatswiri a ku Conselho amaiona, amaiyerekeza ndi mapu a kamangidwe ka mzinda, mwini nyumba amalipira msonkho wake, kenako licença de construção imatuluka, ili ndi nthawi yake yothera.

Ntchito ikayamba, pamalopo payenera kukhala buku, livro de obra, limene woyang'anira ntchito amalembamo zimene zachitika ndi zimene zasinthidwa. Fiscal wa ku Conselho ali ndi mphamvu yofika nthawi iliyonse, kuimitsa ntchito ndi kulipitsa chindapusa, ndipo nkhani ikakula Conselho ingathe kulamula kuti khoma ligwetsedwe. Nyumba ikatha pamachitika vistoria, kuyendera komaliza, ndipo akakhutira amapereka licença de utilização, chiphaso chosonyeza kuti anthu angathe kulowamo. Mapepala amenewa ndiwo amatsegula khomo la ku Conservatória do Registo Predial, kumene nyumba imalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Nyumba yosalembetsedwa, ngakhale ikongole bwanji, banki imavuta kuilandira ngati chikole.

Amene anakonza njira imeneyi anali ndi nzeru imodzi yabwino: pa sitepe iliyonse pali dzina la munthu amene angafunsidwe zinthu zikalakwika. Vuto lili pa mtengo ndi pa nthawi. Munthu amene wasunga ndalama zokwanira matumba 20 a simenti amaona kuti kulipira wojambula pulani ndi msonkho wa licença nkutaya chipinda chathunthu. Amaitana mestre, mestre amajambula nyumba pansi ndi ndodo kapena ndi phulusa, ndipo mawa lake anyamata ayamba kukumba. Fiscal akatulukira, funso lake limakhala la pepala. Koma zinthu zimene zimagwetsa nyumba siziwoneka papepala. Zitsulo za m'chipilala zimaoneka masiku awiri kapena atatu okha, konkire isanathiridwe. Zikakwiririka, palibe fiscal amene angadziwe ndi maso ngati mwalowa zitsulo zinayi zonenepa kapena zitatu zopyapyala.

Lamulo la 1960

Buku lalikulu lonena za mmene nyumba iyenera kukhalira linalembedwa nthawi ya atsamunda. Dzina lake ndi Regulamento Geral das Edificações Urbanas, ndipo linakhazikitsidwa mu Mozambique m'chaka cha 1960, potengera lina la dzina lomwelo limene dziko la Portugal linakhazikitsa mu 1951. Tete anali atangolandira kumene dzina la mzinda pa 21 Malichi 1959. Bukuli limanena za maziko, makoma, kutalika kwa denga kuchokera pansi, mawindo olowetsa mpweya ndi kuwala, masitepe, zimbudzi, chitetezo ku moto ndi mpata pakati pa nyumba ndi nyumba inzake.

Zambiri mwa zimenezi ndi zanzeru mpaka lero. Munthu wa ku Tete safuna injiniya kuti amuuze ubwino wa denga lalitali ndi mawindo oyang'anizana. Mwezi wa Okutobala umamuphunzitsa wokha. Nyumba zakale za pakati pa mzinda, za makoma onenepa ndi makhonde aakulu, zimazizira bwino kuposa zambiri zatsopano zimene malata ake munthu amawakhudza ataimirira.

Koma lamulolo linalembedwera mzinda wa azungu, umene unkatchedwa mzinda wa simenti. Anthu akuda ambiri ankakhala kunja kwa malire ake. Ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, anthu a m'makomboni sankaloledwa kumanga nyumba zokhalitsa za simenti, ndipo ena ankamanga khoma la mabloko mobisa kumbuyo kwa bango kapena malata kuti apolisi asalione. Ufulu utabwera mu 1975 chiletso chotere chinatha, ndipo mu 1976 boma linatenga nyumba zalendi. Kenako kunabwera nkhondo, anthu anathawira mu mzinda, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 othawa kwawo anayamba kubwerera kuchokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. M'zaka zonsezi buku la 1960 linakhalabe m'maofesi, likugwira ntchito kwa zaka zoposa 50 mu dziko limene linasintha kotheratu. Silinaganizire munthu amene adzamange yekha nyumba kwa zaka 10, chipinda ndi chipinda, popanda injiniya. Komatu munthu ameneyo ndiye wamanga gawo lalikulu la Tete.

Zimene zalembedwa pa thumba

Lamulo limanena kuti khoma likhale lolimba. Koma kulimba kumayezedwa bwanji? Apa mpamene pamalowera miyezo, imene m'Chipwitikizi amati normas. Bungwe loona za miyezo mu dziko lino ndi Instituto Nacional de Normalização e Qualidade, INNOQ mwachidule, limene linakhazikitsidwa mu 1993. Limaitana akatswiri a m'mafakitale, m'mayunivesite ndi m'boma kuti agwirizane za mmene chinthu chiyenera kukhalira ndi mmene chiyenera kuyezedwera. Akagwirizana, muyezowo umapatsidwa zilembo NM, kutanthauza Norma Moçambicana. Bungwe lomweli ndilo limaonanso ngati masikelo a m'masitolo ndi mapampu a mafuta akunena zoona.

Miyezo yambiri siyambira pano. Wa simenti dzina lake ndi NM NP EN 197-1, ndipo dzinalo likufotokoza ulendo wake: EN ndi muyezo wa maiko a ku Ulaya, NP ndi pamene Portugal anaulandira, NM ndi pamene Mozambique anaulandira. Izi si zochititsa manyazi. Ubwino wake ngwakuti thumba la 42,5 lopangidwa ku Dondo liyenera kufanana mphamvu ndi thumba la 42,5 lochokera kunja kwa dziko, ndipo injiniya angathe kuwerengera zipilala zake asanadziwe kumene simenti idzagulidwe.

Nambalayo tanthauzo lake ndi ili. Mu labotale amasakaniza simenti ndi mchenga wapadera ndi madzi oyezedwa bwino, naumba timipiringidzo ta masentimita 4 m'lifupi, 4 msinkhu ndi 16 m'litali. Amatisunga m'madzi masiku 28, kenako amatipanikiza ndi makina mpaka kuphwanyika. Simenti ya 32,5 iyenera kupirira kulemera koposa makilogalamu 300 pa kamalo kofanana ndi chikhadabo cha chala, ndipo ya 42,5 koposa makilogalamu 400. Chilembo N kapena R chimene chimatsatira nambala chimanena za liwiro: R imagwira msanga m'masiku oyamba.

Muyezo pawokha sukakamiza munthu. Umasanduka lamulo pokhapokha boma litaulowetsa m'malamulo ake, ndipo pa simenti izi zinachitika mu 2016, pamene boma linakhazikitsa malamulo a kapangidwe, kanyamulidwe ndi kagulitsidwe ka simenti, nkulamula kuti yopangidwa kuno ndi yochokera kunja yomwe izikhala ndi chiphaso cha ubwino. Chiphaso chotere sichiperekedwa kamodzi nkuiwala. Oyendera amatenga simenti ku fakitale nthawi ndi nthawi nkukaiyeza, amaonanso mmene fakitaleyo imadziyezera yokha. Nchifukwa chake thumba lili ndi dzina la wopanga, mtundu wa simenti, kulemera kwake kwa makilogalamu 50 ndi chizindikiro cha chiphaso.

Chiphasocho chimathera pamene thumba lang'ambidwa. Bloko lilibe chiphaso. Woumba amagula simenti pa mtengo umene sangausinthe, ndipo wogula mabloko amakana kuwonjezera ngakhale metical imodzi, pakuti woumba wina ali pafupi pomwepo. Phindu lotsala lili mu mchenga: wilibala imodzi yowonjezera pa thumba lililonse. Bloko lotere limaoneka bwino likamauma, koma ukalikanda ndi msomali limayoyoka ngati chigumu. Ndi simenti yomwe ija ya chiphaso, koma yamwazika mu mchenga wochuluka.

Palinso dzuwa la Tete, limene mabuku a ku Ulaya salidziwa. Simenti siuma monga mmene chovala chimaumira pachingwe. Imalimba chifukwa chogwirizana ndi madzi pang'onopang'ono, ndipo madziwo akathawa msanga kulimbako kumaima pomwepo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumadutsa madigiri 40, bloko kapena silabu yosiyidwa padzuwa imataya madzi tsiku loyamba lomwelo. Mabuku a zomanga amati konkire izithiriridwa ndi kufunditsidwa kwa sabata lathunthu. Koma m'mabairro ambiri madzi ndi ogula pa chigubu, ndipo mnyamata wotumidwa kuthirira amangowaza pamwamba kuti paoneke ponyowa. Pamene mwini nyumba akudzaona ming'alu chaka chotsatira, amanena kuti simenti ya masiku ano ndi yachabe. Nthawi zambiri simentiyo ilibe mlandu.

Alvará ndi labotale

Pa nyumba zazikulu ndi ntchito za boma zinthu zimayenda mosiyana. Kampani yomanga iyenera kukhala ndi alvará, chiphaso chochokera ku unduna woona za ntchito zomanga. Malamulo a 2013 anasunga magulu 7 a alvará. Kampani yaing'ono ya gulu loyamba imaloledwa ntchito za ndalama zochepa, pamene ya gulu la 7 ingathe kutenga mlatho kapena chipatala. Kuti ikwere gulu iyenera kusonyeza chuma chake, makina ake ndi akatswiri amene inalemba ntchito. Mainjiniya nawo ali ndi bungwe lawo, Ordem dos Engenheiros de Moçambique, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2002, limene limalembetsa oyenera ntchitoyi ndipo lingathe kulanga wolakwa.

Pa ntchito zotere pamakhalanso kampani ina ya fiscalização, imene imalipidwa ndi mwini ntchito kuti iziyang'anira womanga. Konkire ikamathiridwa amatapako pang'ono nkuiika m'timabokosi ta masentimita 15 mbali zonse. Timabokosi tina amatiphwanya ndi makina patatha masiku 7, tina patatha masiku 28. Zotsatira zikapanda kufika pa nambala imene injiniya analemba, chipilalacho chiyenera kuunikidwanso, mwinanso kugumulidwa. Kholo la ntchito yoyezayi ndi Laboratório de Engenharia de Moçambique ku Maputo, imene inayamba mu 1947, ndipo imayeza dothi, miyala, zitsulo, phula ndi simenti.

Apanso pali mipata yodziwika. Alvará imatha kubwerekedwa, dzina la injiniya limatha kukhala papepala mwini wake ali ku Maputo, ndipo timabokosi topita ku labotale timatha kusamalidwa bwino kuposa chipilala chenichenicho. Ngakhale zili choncho, pamene njira imeneyi yatsatidwa zipatso zake zimaoneka. Mlatho wa Samora Machel, wojambulidwa ndi injiniya Edgar Cardoso, unanyamula malole a ku Malawi ndi Zambia kwa zaka zoposa 40 mlatho wa Kassuende usanatsegulidwe mu 2014. Unafunika kukonzedwa kwakukulu, koma mapulani ndi mawerengero ake analipo, ndipo okonza anali ndi poyambira. Nyumba ya ku Chingodzi ikang'aluka, mestre amene anaimanga mwina anapita kale ku Nacala, ndipo palibe pepala lonena zimene zili pansi pa khoma.

Phunziro la ku Cateme

Asaganize wina kuti ming'alu ndi ya amphawi omanga okha. Nkhani yodziwika kwambiri ya nyumba zong'aluka m'chigawo chino inachokera ku ntchito ya kampani yaikulu. Pakati pa 2009 ndi 2010 kampani ya Vale ya ku Brazil inasamutsa mabanja 1,365 kuti itsegule mgodi wa malasha ku Moatize. Mabanja oposa 700 anapititsidwa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku tauni ya Moatize, ndipo ena anapita ku bairro la 25 de Setembro. Nyumba zinali zatsopano, zopakidwa penti, zofoleredwa ndi malata. Pasanathe nthawi yaitali anthu anayamba kudandaula kuti makoma akung'aluka, madenga akudontha ndipo maziko ndi osalimba. Anadandaulanso za minda yosabereka ndi kutalika kwa misika.

Pa 10 Januwale 2012 anthu mazanamazana a ku Cateme anatseka njanji ya Sena imene sitima za malasha zinkadutsa popita ku Beira. Apolisi anawabalalitsa mwankhanza ndipo ena anamangidwa. Kampaniyo inavomera kukonza nyumbazo. Bungwe la Human Rights Watch linalemba za nkhaniyi mu lipoti lake la 2013.

Chimene chikukhudza nkhani yathu nchakuti pa nthawi imene anthuwo ankasamutsidwa, dziko linalibe lamulo lapadera lonena kuti nyumba ya munthu wosamutsidwa ikhale yotani. Lamulolo linabwera miyezi 7 njanji itatsekedwa. Decreto 31/2012, ya pa 8 Ogasiti, inalamula kuti nyumba yotere ikhale ya zipinda zogona zosachepera zitatu, ya mamita 70 a sikweya, yomangidwa ndi zipangizo zokhalitsa motsata pulani yovomerezeka. Inanenanso za kukula kwa talhão: mamita 800 a sikweya mu tauni ndi 5,000 kumudzi. Anthu osamutsidwa ku Cabo Delgado, ku Nampula ndi kwina kulikonse pambuyo pake anapeza nambala zimenezi zikuwadikira. Anazilipirira ndi anthu a ku Cateme.

Malamulo a zomangamanga amabadwa chotere pafupifupi kulikonse. Mzinda wa Lisboa utagwa ndi chivomezi mu 1755, nyumba zatsopano za pakati pa mzindawo zinamangidwa ndi mafelemu a matabwa m'kati mwa makoma kuti zizigwedera osagwa. Kuno kwathu, namondwe wa Idai atasasula madenga a masukulu ku Beira mu 2019, boma linakhazikitsa mu 2021 malangizo a kamangidwe ka masukulu opirira mphepo ndi madzi. Ngozi imayamba, lamulo limatsatira.

Revúboè sawerenga mapepala

Pali chinthu china chimene simenti yabwino singathandize, ndicho malo olakwika. Malamulo a malo a 1997 ndi 1998 anapatula malo ena amene DUAT siperekedwa: mamita 50 mbali zonse za njanji, mamita 30 kuchokera ku msewu waukulu, mamita 100 kuzungulira bwalo la ndege, ndi mamita 50 m'mphepete mwa mtsinje woyendamo mabwato, kuyeza kuchokera pamene madzi amafika akadzaza. Aliyense woyenda mu Tete angathe kuona yekha kuti mizere imeneyi yalemekezedwa pati ndipo yadumphidwa pati. M'chigwa cha Nhartanda, mmene muli zitsime zopatsa madzi mzindawu, nyumba zakhala zikutsikira chaka ndi chaka.

Mtsinje wa Revúboè umachokera ku mapiri a Angónia nkudzathira mu Zambezi kumunsi kwa mzinda. Nthawi ya chilimwe umaoneka wofatsa, mwana amatha kuwoloka. Mu Malichi 2019 unadzaza usiku nkulowa m'nyumba za ku Chingodzi ndi Matundo, anthu anakwera pa madenga ndi m'mitengo, ndipo mlatho wa pa msewu wa ku Moatize unaduka. Unakonzedwa. Kumapeto kwa Januwale 2022 namondwe wa Ana anadzazanso mtsinjewo ndipo mlathowo unagwanso, magalimoto a ku Moatize, Angónia ndi Zóbuè nkuyamba kuzungulira ku Kassuende. M'masiku omwewo a José Maria Mandere, amene anali Administrador wa boma la Tete, anamwalira galimoto imene anakwera itakokoloka ndi madzi pamene ankakaona mmene zinthu zaonongekera.

Injiniya akamajambula mlatho amafunsa kuti madzi aakulu kwambiri amene angabwere kamodzi pa zaka 50 kapena 100 angafike pati. Yankho amalipeza m'mabuku a oyeza mitsinje, olembedwa zaka zambiri zapitazo. Koma mitengo ikatha kumtunda, madzi a mvula amathamangira mu mtsinje nthawi imodzi, ndipo nambala zakale zimayamba kunama. Madzi othamanga amakumba mchenga pansi pa zipilala ndi m'mbali mwa mlatho, ndipo konkire imene inapambana mayeso onse a mu labotale imagwa chifukwa pansi pake palibe chopondapo. Madzi aakulu awiri m'zaka zitatu ndi chizindikiro chakuti mabuku a Revúboè akufunika kuwerengedwanso, ndipo mapu osonyeza pamene munthu angamange ku Chingodzi akufunika kujambulidwanso ndi madzi a 2019 ndi 2022 m'maganizo.

Boma linapereka malo ena okwera kwa mabanja okhudzidwa, koma si onse amene anakhazikika kumeneko. Zifukwa zake nzofanana ndi za ku Cateme: kumtsinje kuli dimba, kuli madzi, kuli pafupi ndi ganyu. Lamulo loletsa kumanga m'chigwa limakhala ndi mphamvu pokhapokha pali talhão ina yoyezedwa, ya msewu ndi madzi, imene munthu wamba angaipeze asanakalambe pa mzere wa ku Conselho.

Pa malo oumbira mabloko

Tikabwerera m'mbali mwa msewu wa ku Matundo, tipeza kuti kumenekonso kuli miyezo yake, ngakhale siinalembedwe. Mestre wodziwa ntchito akafika kudzagula sayamba ndi mtengo. Amanyamula bloko limodzi kuchokera pakati pa mulu, osati lapamwamba limene woumba wamusankhira, nkuligogoda ndi chitsulo kuti amve kulira kwake. Amalikanda m'mphepete ndi chala. Kenako amalikweza kufika m'chiuno nkulisiya kuti ligwe pa nthaka youma. Likangobenthuka pangodya, amagula. Likamwazika, amapita kwa woumba wina. Mchenga amauyeza pouthira m'botolo la madzi nkukhutchumula: dothi likakhala lochuluka pamwamba pa mchenga madzi atadikha, amaukana. Simenti amaigwira ndi manja kunja kwa thumba, ndipo akamva zibuma zolimba amadziwa kuti inagona pachinyontho m'sitolo.

Amisiri otere alipo ambiri mu Tete, ndipo ena anaphunzira pa ntchito zazikulu za ku Moatize, kumene anaona timabokosi ta konkire tikutengedwa kupita ku labotale. Koma alibe pepala lowasiyanitsa ndi mnyamata amene anagwira chipande cha pulasitala mwezi watha nkuyamba kudzitcha mestre. Mwini nyumba amasankha pongomva kwa mnansi, ndipo kawirikawiri amasankha wotchipa. Dziko lili ndi chiphaso cha simenti, cha kampani ndi cha injiniya, koma munthu amene manja ake amamanga nyumba zambiri za mzinda uno salowa m'buku lililonse. Pulani zochepa zokonzeratu za nyumba ya zipinda ziwiri kapena zitatu, zoperekedwa motchipa ku Conselho, pamodzi ndi fiscal wobwera kudzaona maziko ndi zitsulo konkire isanathiridwe, zikanafika kutali kuposa chindapusa chobwera denga litakhomedwa kale.

Pofika 10 koloko dzuwa limakhala litakwera, ndipo mabloko oumbidwa m'mawa amayamba kuyera pamwamba. Woumba wina amawafunditsa ndi matumba a simenti onyowetsedwa nkutuma mwana kukatunga zigubu zina ziwiri. Mnzake wa pafupi amawasiya choncho, pakuti galimoto ya wogula ikubwera mawa. Mtengo wa bloko kwa onse awiri ndi umodzi.